Chimene chimaletsa selo kugawikana nthawi isanakwane: yankho kwa alangizi a zaumoyo a ku Nsanje

Funso: Ndine mlangizi wa zaumoyo m'boma la Nsanje. Pamsonkhano wa katemera wa HPV amayi anandifunsa kuti, ngati kachirombo kameneka anthu ambiri anakatengapo, bwanji khansa ya khomo la chiberekero imagwira ena okha, komanso patapita zaka zambiri? Kumaphunziro anangotiuza kuti m'thupi muli mapuloteni oletsa zotupa. Kodi amaletsa bwanji? Nanga pali chakudya kapena mankhwala owachulukitsa?

Yankho: Alangizi, amayiwo anafunsa zakupsa. Kachirombo ka HPV sikadya mnofu wa khomo la chiberekero monga ambiri amaganizira. Kamalowa m'selo n'kulanda mphamvu mapuloteni awiri, Rb ndi p53, amene ntchito yawo ndi kuuza selo kuti nthawi yogawikana sinakwane. Kuti khansa iyambe pamafunika zinthu zingapo zilakwike motsatizana m'selo limodzimodzilo, n'chifukwa chake ambiri amapulumuka ndipo kwa ena zimatenga zaka. Limeneli ndi yankho la pamsonkhano. Inu mwapempha zakuya, ndiye khalani pansi.

Pafupifupi selo lililonse la m'thupi mwanu lili ndi DNA yofanana, imene ili ngati buku la malangizo amene timatengera kwa makolo, ndipo m'menemo muli majini, kapena kuti zigawo za malangizowo, pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni. Selo la m'chiwindi ndi selo la m'diso ali ndi majini amodzimodzi. Amasiyana chifukwa lililonse limagwiritsa ntchito majini ena, ena n'kuwasiya chitsekere. Kuti jini igwire ntchito, uthenga wake umayamba wakopedwa kupita pa RNA, kenako RNA ija ndiyo imakapangitsa puloteni. Kukopera kumeneku sikuyamba kokha. Pali gulu la mapuloteni amene akatswiri amawatchula kuti transcription factor, ife tingoti mapuloteni otsegula majini. Aliyense amadziwa kachigawo kakafupi ka DNA kamene kali kumayambiriro kwa majini ake, amakhala pamenepo n'kuitana enzaimu yokopera, ndiye kuti puloteni imene imagwira ntchito yokoperayo. Akapanda kufika, jini imangokhala chete. Ndiye amene akulamulira mapuloteni otsegulawa ndi amene akulamulira selo. Mapuloteni ambiri oletsa zotupa ntchito yawo ili pomwepa: ena amagwira wotsegula jini kuti asagwire ntchito, ena amamuphwanya, ndipo mmodzi wotchuka, p53 uja, ndi wotsegula majini iye mwini.

Tiyambe ndi wogwira. Selo lisanagawikane liyenera kukopera DNA yake yonse kuti ana ake awiri agawane mofanana. Majini opangira zipangizo za ntchito imeneyi amatsegulidwa ndi banja la mapuloteni lotchedwa E2F. Nthawi zambiri E2F amakhala ali kale pa DNA, pamalo pake penipeni, koma sangachite kanthu chifukwa Rb wamukakamira, waphimba mbali imene amaitanira enzaimu yokopera. Rb sathera pomwepo. Amaitananso mapuloteni ena amene amapinda DNA ya pamalopo mothina kwambiri moti ngakhale wina atabwera sapeza polowera.

Kwanu kuchigwako mbuzi n'zosasowa, ndiye izi simuvutika nazo. M'dzinja, mapira ndi chimanga zikadali m'munda, mbuzi imakhala pachingwe. Si kuti ndi yoipa, nthawi yake yoyenda sinakwane basi. Anthu akakolola amaimasula, idye mapesi. E2F ndiye mbuziyo, Rb ndiye chingwe. Thupi limamufuna E2F, chifukwa popanda iye bala silingapole, magazi sangapangike, mwana sangakule m'mimba. Nkhani yagona pakuti amasulidwe liti ndipo ammasule ndani.

Wommasula amachokera kunja kwa selo. Mukadzicheka ndi chikwanje, maselo ozungulira balalo amalandira timadzi towauza kuti achulukane. Uthengawo ukafika mkati, selo limapanga puloteni yotchedwa cyclin D, imene imagwirizana ndi maenzaimu awiri, CDK4 ndi CDK6. Awa amamata pa Rb kachidutswa kakang'ono kotchedwa fosifeti. Rb akamatidwa fosifeti amasintha kaonekedwe n'kuyamba kulekerera. E2F wochepa amene wamasukayo, imodzi mwa majini oyamba amene amatsegula ndi ya cyclin E, ndipo cyclin E pamodzi ndi CDK2 amawonjezera fosifeti pa Rb, E2F wambiri n'kumasuka. Zikafika apa palibenso kubwerera, selo ligawikana ndithu ngakhale uthenga wakunja uja utasiya kubwera. N'chifukwa chake malo amenewa ali ndi alonda ambiri. Mmodzi wa iwo ndi p16, amene amatsekereza CDK4 ndi CDK6 kuti asafike kwa Rb. Selo likatha kugawikana, enzaimu ina imachotsa fosifeti ija, Rb n'kugwiranso E2F ngati kale.

Dzina loti Rb linachokera ku retinoblastoma, khansa ya m'diso imene imagwira ana aang'ono, ambiri osakwana zaka 5. M'chaka cha 1971 dokotala wa ku America, Alfred Knudson, anaunika mbiri ya odwala 48 n'kuona kuti ana amene matendawa ali m'banja mwawo amadwala msanga ndipo kawirikawiri maso onse awiri, pamene ena amadwala mochedwerako ndipo diso limodzi lokha. Iye anati izi zikutanthauza kuti pamafunika kuwonongeka kuwiri. Pafupifupi jini iliyonse timakhala nayo iwiri, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo. Imodzi ikawonongeka, inayo imapangabe Rb wokwanira. Mwana wobadwa ndi imodzi yowonongeka kale watsala ndi imodzi yokha m'selo lililonse la diso, ndiye mwa maselo ochuluka chotero n'kovuta kuti lina lisataye yotsalayo. Jini yake inapezeka mu 1986, ili pa kromozomu 13 (makromozomu ndi mitolo imene DNA imasungidwamo), ndipo inali yoyamba mwa majini oletsa zotupa kupezedwa. Mundilole ndipatuke pang'ono poti inu mumaona ana ambiri kusikelo: mukaona mwana amene pakati pa diso lake, pamene payenera kukhala pakuda, pakuwala moyera makamaka akawalitsidwa ndi tochi, kapena diso layamba kupendekeka, musati tione mwezi wamawa. Mutumizeni kuchipatala cha boma tsiku lomwelo kuti akamutumize kwa madokotala a maso ku Blantyre. Khansa imeneyi ikapezeka ikadali m'diso imachizika.

Tsopano p53. Ameneyu ndi wosiyana ndi Rb chifukwa iye mwini ndi wotsegula majini, kungoti majini amene amatsegula ndi oimitsa selo. Anapezeka mu 1979 ndi magulu angapo a akatswiri, pakati pawo David Lane ku London ndi Arnold Levine ku Princeton, ndipo kwa zaka pafupifupi 10 ankamuganizira kuti ndi woyambitsa khansa, poti ankamupeza wambiri m'zotupa. Cha m'ma 1989 ndi pamene zinadziwika kuti wa m'zotupayo ndi wolumala, ndipo wabwinobwino amaletsa khansa. Lero tikudziwa kuti pafupifupi theka la khansa zonse za anthu zili ndi jini ya p53 yowonongeka. Palibe jini ina imene imawonongeka kawirikawiri chotere m'khansa.

Kasungidwe kake n'kodabwitsa. Selo limapanga p53 usana ndi usiku, koma pomwepo puloteni ina yotchedwa MDM2 imamumata chizindikiro choti akaphwanyidwe, moti m'selo labwinobwino p53 sakhalitsa, theka la ola n'lalitali. Wina angati uku n'kuwononga. Ine ndimaona kuti ndi pamene pali nzeru, chifukwa pakagwa ngozi selo siliyamba n'kufunafuna zopangira, limangosiya kuphwanya ndipo p53 amachuluka mwamsanga. DNA ikaduka kapena kuwonongeka, kaya ndi dzuwa, utsi wa fodya kapena poizoni wa m'chakudya, maenzaimu oyendera DNA, monga ATM, amamata fosifeti pa p53 ndi pa MDM2, awiriwa n'kulekana. Kenako p53 amalumikizana anayianayi n'kukhala pa DNA.

Imodzi mwa majini oyamba amene amatsegula ndi ya p21. Ntchito ya p21 ndi kutsekereza ma CDK aja. Ma CDK akatsekerezedwa Rb samatidwa fosifeti, ndiye amagwirabe E2F, selo n'kuima kuti DNA ikonzedwe. Mwaona kuti p53 poimitsa selo amadalira Rb yemwe uja. Zikakonzeka, p53 amatsika yekha, chifukwa imodzi mwa majini amene amatsegula ndi ya MDM2, womuphwanya uja. Koma kuwonongeka kukakhala kwakukulu amatsegula majini ena, monga PUMA ndi BAX, amene amachititsa selo kudzipha mwadongosolo, maselo oyandikana nalo ndi a chitetezo n'kulichotsa popanda kutupa kapena kupweteka. Nthawi zina selo silifa koma limaumitsidwa, limakhala ndi moyo koma silidzagawikananso.

Pali kachinthu kena koti mukagwire bwino, chifukwa ndiko kamasulira khalidwe la HPV. Tinene kuti Rb wawonongeka ndipo E2F wamasuka nthawi yosayenera. Selo lili ndi njira yodziwira. E2F akachuluka mopyola muyezo amatsegulanso jini ya puloteni yotchedwa ARF, ndipo ARF amagwira MDM2. MDM2 akagwidwa p53 amachuluka, selo lija n'kuimitsidwa kapena kuphedwa. Choncho kuchotsa Rb yekha sikokwanira. Selo lotaya Rb nthawi zambiri limadziitanira imfa.

Tibwere ku khomo la chiberekero. Pamwamba pake pali maselo osanjikizana. Okhawo a pansi penipeni ndi amene amagawikana. Akamakankhidwira m'mwamba amasiya kugawikana, Rb amagwira E2F mpaka kalekale, amaphwatalala kenako n'kusendeka. HPV amalowera m'timing'alu tosaoneka timene timachitika pogonana, n'kufika kumaselo a pansiwo. Ndi kachirombo kosauka: DNA yake ndi yaifupi, majini ake ndi 8 basi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kalibe zipangizo zokoperera DNA yake. Kamadalira za selo. Vuto lake n'lakuti kamafuna kuswana m'maselo a m'mwamba, kuti ana ake atuluke pamodzi ndi maselo osendeka n'kukalowa mwa munthu wina, koma m'mwambamo zipangizo zokopera zinatsekedwa kale. Ndiye kamapanga puloteni yotchedwa E7, imene imamatirira pa Rb pamalo pomwe amagwirira E2F, n'kumupititsanso kokaphwanyidwa. Chingwe chija chaduka. Selo loti linapuma limayambanso kukopera DNA, ya kachirombo n'kukopedwa nawo.

Selo likanayankha kudzera mwa p53, koma kachirombo kali ndi puloteni yachiwiri, E6. Iyi imagwira p53 ndi dzanja limodzi, dzanja linalo n'kugwira enzaimu ya selo lomwelo yotchedwa E6AP, imene imamata pa p53 chizindikiro chokaphwanyidwa. Akatswiri anaona kugwirana kwa E7 ndi Rb mu 1989, ndipo kuphwanyidwa kwa p53 ndi E6 mu 1990. Mitundu ya HPV ilipo yoposa 200, koma yowopsa ndi yochepa, ndipo iwiri yokha, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Anaipeza m'zotupa ndi gulu la Harald zur Hausen ku Germany mu 1983 ndi 1984, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu monga 6 ndi 11, imene imayambitsa njerewere za kumaliseche, ilinso ndi E6 ndi E7, koma E7 wake amagwira Rb mofooka ndipo E6 wake saphwanya p53 monga amachitira wa mitundu yowopsa. Kusiyana kwa njerewere ndi khansa kwagona kwambiri pa mphamvu ya kagwiridwe kameneka.

Kachiromboka sikapindula ndi khansa. Selo la khansa nthawi zambiri silitulutsanso tizirombo tatsopano. Khansa ndi ngozi imene imachitika kachirombo kakakhalitsa, ndipo apa ndi pamene pali yankho la amayi aja.

Choyamba, chitetezo cha m'thupi chimachotsa HPV mwa anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse pasanathe zaka 2, munthu osadziwa n'komwe kuti anali nako. Maselo amene anali ndi E6 ndi E7 amaphedwa kapena kusendeka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chachiwiri, ngakhale kakakhalitsa, kachirombo kamadziletsa kokha. Kali ndi puloteni yake yotchedwa E2, imene nayonso imalamulira majini, ndipo imachepetsa kapangidwe ka E6 ndi E7 m'maselo a pansi. Koma pakapita nthawi DNA ya kachirombo imatha kuduka mwangozi n'kulowerera m'kromozomu ya munthu, ndipo kawirikawiri imadukira pa jini ya E2. Zikatero E6 ndi E7 amapangidwa mosalekeza m'maselo a pansi omwe amagawikana aja. Chachitatu, ngakhale apa khansa sinayambe. Chimene chachitika n'chakuti selo likugawikana popanda woliimitsa likalakwitsa. Nthawi iliyonse likamakopera DNA pamatha kulowa zolakwika, makromozomu ena amaduka, ena amachuluka, ndipo p53 palibe woti alichotse. Zolakwikazo zimaunjikana mpaka tsiku lina selo lina limapeza mphamvu yoboola kansalu kamene kamalekanitsa maselo a pamwamba ndi mnofu wa pansi. Apo ndiye khansa. Bungwe la WHO limati kwa mayi wa chitetezo chabwino ulendo wonsewu umatenga zaka 15 mpaka 20, pamene kwa amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, ungatenge zaka 5 mpaka 10. Limatinso amayi amene ali ndi HIV mwayi wawo wodwala khansa imeneyi ndi wochuluka ka 6 poyerekeza ndi anzawo. HIV sakhudza Rb kapena p53 mwa njira ya HPV, koma amafooketsa asilikali amene akanachotsa maselo odwalawo. Fodya nayenso amathandizira, poti poizoni wake amafika mpaka m'chinyezi cha khomo la chiberekero.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti m'khansa zambiri za khomo la chiberekero jini ya p53 imakhala yabwinobwino, sinawonongeke. Selo likupangabe p53 wabwino, kungoti akuphwanyidwa asanagwire ntchito. Umboni wake unaoneka pa maselo a HeLa, amene anachokera m'chotupa cha mayi wa ku America, Henrietta Lacks, mu 1951, ndipo akugawikanabe m'malabotale mpaka lero ali ndi HPV 18 mkati mwawo. Akatswiri atazimitsa E6 ndi E7 m'maselo amenewa, p53 ndi Rb anabwerera, maselo n'kusiya kugawikana, ngakhale kuti anali atatha zaka pafupifupi 50 akuchulukana.

Zimenezi mumaziona ndi maso anu mukakhala pafupi ndi anamwino poyeza amayi ndi viniga. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi. Pabwinobwino pamakhalabe pofiirira. Pamene pali maselo amene E7 wawamasula pamatuluka chigamba choyera cha malire ooneka bwino, kawirikawiri pafupi ndi kamwa la khomolo. Kuyerako n'chifukwa chakuti maselo amenewo ndi othithikana, phata lawo, mmene mumakhala DNA, ndi lalikulu lodzaza mapuloteni, ndipo viniga akawakhudza mapuloteniwo amaundana n'kutchinga kufiira kwa mitsempha ya pansi. Chigambacho si khansa, ndi maselo amene ali panjira. Akachiwotcha ndi kachipangizo kotentha madigiri 100, ntchito yosatha ndi mphindi yomwe, maselo odwalawo amafa, abwino n'kumera. Kulabotale amagwiritsa ntchito chizindikiro china chochokera m'nkhani yathu yomweyi: maselo amene E7 wawalanda amadzaza p16. Mlonda uja amachuluka n'kumatsekereza CDK4 ndi CDK6, koma n'zopanda phindu chifukwa Rb amene akumuteteza palibenso. Ndiye dokotala akapaka utoto wosonyeza p16 pa kamnofu kodulidwa n'kuona kuti kathimbirira konse, amadziwa kuti HPV wagwira ntchito yake.

HPV si yekha amene anatulukira njira imeneyi. Kachirombo koyambitsa Kaposi sarcoma, khansa ya madontho akuda pakhungu ndi kutupa miyendo imene munaiona yambiri ma ARV asanafale, kali ndi puloteni yotchedwa LANA imene imagwiranso p53 ndi Rb.

Pali njira ina yolumalitsira p53 imene ikukukhudzani kwambiri kuchigwako, ndipo iyi imawononga jini yeniyeniyo. Ndikunena chuku. Nkhungu imene imamera pa chimanga ndi mtedza m'malo otentha ndi achinyezi imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Akafika m'chiwindi amasandulika kukhala chinthu chomamatira pa DNA, ndipo amakonda kusintha chilembo chimodzi pamalo a nambala 249 a jini ya p53. Chilembo chimodzi chokhacho chimalepheretsa p53 kugwira bwino DNA, ndiye sangatsegule p21 kapena PUMA. Popeza p53 amagwira ntchito anayianayi, wolumala mmodzi akalowa m'gulu amatha kufooketsa anzake abwino. Izi zinalengezedwa mu 1991 kuchokera kwa odwala khansa ya chiwindi a ku Qidong ku China ndi a kum'mwera kwa Africa, makamaka a ku Mozambique, anansi anu a kutsidya. Munthu akakhalanso ndi hepatitis B chiopsezo chimakwera kwambiri kuposa kungophatikiza ziwirizo. Katemera wa hepatitis B analowa m'katemera wa ana kuno ku Malawi mu 2002, ndiye achinyamata ambiri ndi otetezeka mbali imeneyo, koma akuluakulu ambiri sanalandire.

Madzi akasefukira monga mu 2015 kapena nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, chimanga chimene chapulumuka chimakhala chonyowa, ndipo munthu wanjala sungamuuze kuti ataye. Ndikudziwa. Komabe pali zina zotheka. Kuphika sikupha aflatoxin, ndiye chitetezo chili pa kuyanika mpaka njere iume gwa, kuyanika pamphasa kapena palona m'malo mwa padothi, kusanjika matumba pamitengo osati pansi, ndi kusankha. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa n'choipa, chifukwa chimadzutsa chuku. Choipa china ndi ichi: mtedza wabwino umapita kumsika, wofota ndi wothimbirira n'kutsala pakhomo, ndipo ndi umene umasinjidwa n'kuthiridwa m'phala la mwana. Poizoni wambiri amakhala m'njere zochepa zowonongekazo, choncho kuzitaya kumachotsa gawo lalikulu la vutolo.

Oletsa zotupa ena ndingowatchula mwachidule kuti muone kuti kachitidwe n'kofanana. M'matumbo muli APC, amene amathandiza kuphwanya beta-catenin, puloteni imene ikachuluka imalowa m'phata n'kutsegula majini okulitsa selo. Khansa zambiri za m'matumbo aakulu zimayamba ndi kutayika kwa APC. Mu impso muli VHL, amene amaphwanya HIF, wotsegula majini amene amafunika pokhapokha mpweya wa okosijeni ukachepa. VHL akasowa selo limakhala ngati likubanika nthawi zonse, n'kumaitana mitsempha yatsopano ya magazi imene imadyetsa chotupa. Amene anafukula zimenezi, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, analandira Nobel mu 2019.

Za chakudya chochulukitsa mapuloteniwa, yankho ndi ayi. Palibe therere, malambe, moringa kapena botolo la mankhwala azitsamba a mumsika limene lingabwezeretse Rb amene E7 akumuphwanya, kapena kukonza jini imene chuku chasintha. Wina akamagulitsa zotero akudyerani ndalama, ndipo choopsa n'chakuti mayi amataya miyezi akumwa zimenezo chotupa chikukula. Kudya bwino kumathandiza thupi lonse, koma si mankhwala a khansa. Ndiponso p53 wochuluka si dalitso nthawi zonse. Pa mbewa za m'labotale zimene p53 wake anachititsidwa kugwira ntchito mosalekeza, zotupa zinachepa koma mbewazo zinakalamba msanga, chifukwa maselo ofunika kukonzanso thupi ankatha. Njovu za ku Majete zili ndi makope pafupifupi 20 a jini ya p53 pamene ife tili ndi imodzi yokha yochokera kwa kholo lililonse, ndipo kafukufuku wa mu 2015 anasonyeza kuti maselo a njovu amadzipha msanga DNA ikawonongeka. Chimenechi chikuoneka kuti ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyama yaikulu chotero sidwala khansa kawirikawiri. Koma njovu inabadwa nazo, sinazipeze m'zakudya.

Mankhwala a kuchipatala otsata njira zimenezi alipo. Palbociclib, amene anavomerezedwa ku America mu 2015, amatsekereza CDK4 ndi CDK6 monga amachitira p16, ndipo amathandiza pa mtundu wina wa khansa ya m'mawere. Koma amagwira ntchito pokhapokha Rb alipo, ndiye pa khansa imene E7 wachotsa Rb sayembekezeka kuthandiza. Kuzimitsa puloteni imene yachita misala n'kosavutirapo kusiyana ndi kubwezera imene yasowa, n'chifukwa chake mpaka pano mankhwala obwezeretsa p53 akadali pa kafukufuku.

Zimene zili m'manja mwanu n'zamphamvu kuposa mankhwala amenewo. Katemera wa HPV anayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira mu 2013, n'kufalikira dziko lonse mu Januwale 2019 poyambira atsikana a zaka 9. Amapangidwa ndi puloteni ya chikopa cha kunja kwa kachirombo basi. Mkati mwake mulibe DNA ya kachirombo, mulibe E6 kapena E7, ndiye sangayambitse matendawa, ndipo mphekesera zoti amatseka mimba zilibe umboni. Amaphunzitsa thupi kugwira kachirombo kasanalowe m'selo. Kakalowa kale katemerayu sakatulutsa, n'chifukwa chake timathamangira ana asanayambe zogonana, osati chifukwa choti tikuwaganizira zoipa. Makolo ambiri amakhutira mukawafotokozera motero.

Kwa amayi akuluakulu njira ndi kuyezetsa, makamaka a zaka 25 mpaka 49, ndipo amene ali pa ma ARV asaphonye tsiku limene achipatala awapatsa, poti iwo amayenera kuyezedwa pafupipafupi. Muziwauza momveka kuti chigamba choyera chija sichipweteka, sichitulutsa magazi, sichinunkha, ndiye kudzimva bwino si umboni woti zonse zili bwino. Koma mayi amene akutaya magazi akatha kukhala malo amodzi ndi bambo, kapena wayambanso kutaya magazi atasiya kale kusamba, kapena akutuluka zamadzimadzi zonunkha zosamva mankhwala, ameneyo asadikire tsiku la kampeni. Apite ku chipatala cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kapena chilichonse chimene ali nacho pafupi, akamuone ndi chipangizo choyezera, ndipo ngati pakufunika kudula kamnofu kapena kumutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, inuyo mumutsatire kunyumba kuti mudziwe ngati wapitadi ndiponso ngati zotsatira zake zabwera.